Zipolopolo za nkhukundembo: tafika poyesa papepala la mayadi 40

Ntchito yodzaza tokha zipolopolo za mfuti ya njere (shotgun) ya saizi ya 12 gauge yatha, kwatsala kuziyesa powombera papepala kuti tione momwe njere zake, timipira tachitsulo ta m'chipolopolo, zikumwazikira, nyengo yosaka nkhukundembo zam'tchire ku America isanayambe. M'zigawo zambiri nyengoyi imagwa mu Epulo ndi Meyi, ndipo amaloleza kupha atambala, kapena kuti mbalame zokhala ndi ndevu pachifuwa. Mbalameyi siiwomberedwa pathupi. Nthenga za mapiko ndi mnofu wapachidali zimabweza njere, tambala n'kuthawa atavulala. Pofunika ndi mutu ndi khosi, malo ochepa kwambiri, n'chifukwa chake funso lonse lagona pa kuchuluka kwa njere zomwe zikugwera pamodzi.

Muyezo womwe alenje ambiri amatsata ndi uwu: pa mtunda wa mayadi 40, omwe ndi mamita pafupifupi 37, m'bwalo la mainchi 10 m'mimba mwake mulowe njere zosachepera 100. Si lamulo la boma, koma ndi malire anzeru. Pamene njere zatsikira pansi pa 100, pamenepo ndiye pathera mtunda wa mfutiyo ndi chipolopolocho.

Masamu ake amayambira pa sikelo, ndipo nambala ya njere ikamakwera, njereyo imachepa. Njere za mtovu za nambala 4 zimakhala pafupifupi 135 pa aunsi imodzi, za nambala 5 pafupifupi 170, za nambala 6 pafupifupi 225. Choncho chipolopolo cha aunsi 1¾ cha nambala 5 chimanyamuka ndi njere ngati 300, ndipo kuti chikwanitse muyezo uja, imodzi mwa njere zitatu zilizonse iyenera kugwera m'kabwaloko. Si nkhani yophweka. Njere za TSS, zopangidwa ndi chitsulo cholemera kwambiri cha tungsten, zinasintha masamuwa. Kulemera kwake ndi magalamu 18 pa cubic centimeter pomwe mtovu uli cha pa 11, motero kanjere ka nambala 9 kamalowa mozama mofanana ndi njere ya mtovu yoikulirapo kwambiri, ndipo mu aunsi imodzi mumakhala pafupifupi 360. Ndi chifukwa chake mfuti zazing'ono za 20 gauge ndi .410 zatchuka posaka mbalamezi. Vuto lake ndi mtengo. Komanso yang'anani malamulo a chigawo chomwe mukasake, poti zigawo zina zimaika malire pa kukula kwa njere.

Pa kadzazidwe, mfundo ndi imodzi yosakambirana: chigoba, primer (koyatsira wonga), wonga, wad (kapulasitiki kokhala pakati pa wonga ndi njere) ndi kulemera kwa njere zikhale ndendende monga zalembedwera m'buku la miyezo yoyesedwa kale. Zigoba za Cheddite ndi Fiocchi n'zowongoka m'kati, za Winchester AA ndi Remington STS zimapanikiza chakumunsi, ndipo wad wa mtundu wina sakhala bwino m'chigoba cha mtundu winawo. Ma primer onse otchedwa 209 amaoneka ofanana koma mphamvu n'zosiyana, kusintha kokhako kutha kukweza mphamvu ya mpweya m'chipinda cha mfuti kupitirira malire. Bungwe la SAAMI, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, linaika malire a mphamvuyo pa 11,500 psi pa zipolopolo za 12 gauge za mainchi 2¾ ndi 3. Choopsa n'chakuti chigoba cha shotgun sichikuchenjezani, chitha kutuluka chooneka bwinobwino malire atadutsidwa kale. Ufa wa buffer womwe amathira pakati pa njere nawonso umakweza mphamvuyo, ndiye usathiridwe ngati muyezo sunautchule.

TSS siyenera kudutsa pa choyezera cha makina chopangidwira mtovu, chifukwa chimayeza ndi kukula kwa malo, osati kulemera, ndiye chidzathira njere zolemera mopitirira. Chipolopolo chilichonse chiyezedwe pa sikelo, wonga pawokha, njere pazokha. Tungsten ndi wolimba kuposa chitsulo cha mpope wa mfuti, kotero amafuna wad wochindikala wophimba njere zonse, apo ayi mpope ndi choke (kachitsulo kofinya kamwa la mpope) zimakandika. Popeza njerezi zimatenga malo ochepa, pansi pake pamaikidwa timapepala ta cork kapena felt kuti mulu ufike pomwe kamwa la chigoba litseke bwino. Likalowa m'kati, mwaperewera. Likatumphuka n'kuyamba kutseguka, mwachulukitsa. Zonse ziwirizi zimasokoneza kapsedwe ka wonga, ndipo zimaonekera papepala.

Pepalalo likhale lalikulu, mita imodzi mbali zonse kapena kuposerapo, kumbuyo kwake kukhale chulu kapena mchumbu wa dothi. Kapepala kojambulidwa mutu wa nkhukundembo kamanamiza, chifukwa sikaonetsa komwe njere zambiri zapita. Mtunda uyezedwe ndi tepi kuchokera pakamwa pa mfuti, osati ndi mapazi. Mfuti itsamire pa thumba la mchenga. Mukawombera, musajambule bwalo pomwe munalozetsa. Pezani kaye pomwe mabowo athithikana, jambulani bwalo la mainchi 10 pamenepo, muwerenge mukudinda bowo lililonse ndi cholembera, kenako muyeze kuti pakati pakepo patalikirana bwanji ndi pomwe munaloza. Ndi mafunso awiri osiyana: loyamba ndi la chipolopolo ndi choke, lachiwiri ndi la choonera, cholozetsera cha pamwamba pa mfuti, ndipo limakonzedwa posuntha choonera, osati posintha chipolopolo. Kuwombera kamodzi sikunena kanthu. Chipolopolo cha mtundu umodzi chiwomberedwe katatu mpaka kasanu, pepala latsopano nthawi iliyonse, ndipo nambala yoidalira ndi yotsikitsitsa.

Chomwe mungasinthe momasuka ndi choke, bola ikhale yovomerezeka kwa njere zomwe mukuwombera. Mpope wa 12 gauge uli ndi m'mimba mwa inchi 0.729, ndipo ma choke a nkhukundembo ambiri amayenda cha pa 0.660 mpaka 0.670. Kufinya kwambiri sikuthandiza nthawi zonse. Njere za mtovu zimaphwanyika zikapanikizidwa, zosakhala zobulungira n'kuuluka chammbali, papepala n'kusiya mipata yoti mutu wa tambala ungakwanemo. Zikatero bwererani ku choke yotsegukirapo pang'ono. Pulasitiki ya wad yomwe imamatirira mumpope imasinthanso zotsatira, choncho mpope upukutidwe mofanana musanayambe gulu lililonse.

Pomaliza payesedwe pa mayadi 15 ndi 20. Pafupi chonchi choke yofinya imatumiza njere zonse pamalo aakulu ngati nkhonya, ndipo atambala ambiri amaphonyedwa pamtunda umenewu chifukwa mutu wawo sukhazikika. Ngati pepala la mayadi 15 likuonetsa bowo limodzi lomwe lapatuka mainchi awiri kapena atatu, choonera chikonzedwe kaye musanapitirize kuwerenga njere za mayadi 40.