Ulendo wa ku Mitundu, ku chiliza cha a Kopolo

Anthu ambiri a m'tauni amapita ku Mitundu kukagula mbuzi ndi mtedza, koma ine Loweruka lapitali ndinapitako chifukwa cha chiliza. Malume awo a mayi anga, amene dera lonselo linkangowatchula kuti a Kopolo, anatisiya zaka zingapo zapitazo atakalamba zedi, ndipo abale angokwanitsa kumene kusonkha ya simenti.

Minibasi ndinakwerera kudepoti, ya "watsala mmodzi" ija. Titapatuka pa M1 n'kulowa msewu wa ku Bunda, kunja kunali gwaa, minda ili mbee, ena ayamba kale kugalauza. Phiri la Bunda linatiperekeza kanthawi, kenako Mitundu. Kuchoka pamsika kukafika kumudzi ndinakwera kabaza, ndipo mnyamata wopalasayo nditangomuuza kumene ndikupita anati, "Kwa atelala aja? Yunifolomu yanga ya Sitandade 1 anasoka ndi iwowo." Za nkhondo sanatchuleko.

A Kopolo anali msilikali wa Keyala, gulu lija la King's African Rifles, limene dziko lino litalandira ufulu mu 1964 linasanduka Malawi Rifles. Analembedwa ali mnyamata pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anzawo ena ochokera ku Nyasaland anakamenyana ndi Ataliyana ku Abyssinia (Ethiopia ya lero) mu 1941, ena ku Madagascar mu 1942. A Kopolo anakwera sitima ku Mombasa kupita ku Ceylon (Sri Lanka ya lero) kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu 1944 analowa m'dziko la Burma (Myanmar ya lero) kukalimbana ndi Ajapani. Asilikali a ku Africa kuno ndiwo anatumizidwa kutsika chigwa cha Kabaw mvula ili mkati, pamene magulu ena ankapuma. Magalimoto ankatitimira, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege, ndipo malungo ankagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Pofika December anali pa mtsinje wa Chindwin.

Zambiri mwa zimenezi ndinachita kuwerenga nditakula. Eni ake sankazikamba. Tili ana tikawaumiriza ankangotiuza za misundu ya ku Burma, yoti ukavula nsapato madzulo umapeza yakhuta magazi ako, basi nkhani yathera pomwepo, tizipita tikatunge madzi.

Kumanda kunali anthu ochuluka kuposa momwe tinayembekezera. Amayi a Chigwirizano anaimba, abusa analalikira mwachidule chifukwa cha dzuwa, nsalu inachotsedwa pachiliza. Kenako anthu anayamba kulankhula mmodzimmodzi, ndipo apa ndi pamene ndinatchera khutu. A nyakwawa anati kwa zaka zambiri mlandu wa malire a munda sunkathe popanda a Kopolo kuyenda okha m'malirewo, ndodo ili m'manja, kuwerenga mapazi mokweza. Mphunzitsi wina wopuma anakumbutsa kuti pomanga midadada ya pasukulu, iwo ndiwo ankaimba wenzulo m'mamawa, ndipo wochedwa ankamupatsa njerwa zowonjezera kuti aumbe, kaya ndi mkulu wa mpingo. Mayi wina anaimirira n'kuulula pagulu kuti mpaka lero sanalipire ya diresi la ukwati wake. Anthu anaseka kumanda komweko.

Makina osokerawo alipobe, a Singer opalasa ndi phazi, ali pakhonde pa mdzukulu wawo ndipo akugwirabe ntchito. Anawagula ndi ndalama zimene analandira potuluka usilikali. Ndalamazo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mzungu wa udindo womwewo ankalandira, chifukwa boma la atsamunda linkawerengera potengera khungu. Ine zimenezi zimandiwawabe. Munthu anakagona m'matope a eni, pa nkhondo imene sanaiyambe, n'kubwerera ndi makina amodzi osokera. Komabe ana ake onse anaphunzira ndi makina omwewo.

Titadya nsima ya mbuzi, mlongo wawo wamng'ono, agogo amene atsala okha pa mbadwo umenewo, anandikodola.

"Iwe wa kutauni, bwera kuno uone za agogo ako."

"Ndabwera, agogo."

Anatulutsa kachitini kakale ka tiyi. Mkati, atakulunga pa kansalu, munali mamendulo. Imodzi ndi Burma Star, nyenyezi yamkuwa ya nsonga 6, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali kobiriwira ngati thambo la madzulo ndi timizere ta olenji, koma kofwifwa tsopano. Ndinaitembenuza kufuna kuona dzina. Kumbuyo kwake n'kosalala, palibe chilembo ngakhale chimodzi. Agogowo anati chaka chilichonse mu November a Kopolo ankaipukuta ndi phulusa ndi ndimu, n'kuivala pa jekete kupita nayo kutchalitchi, ikakwana 11 koloko n'kuima njii kukumbukira asilikali amene anafa ku nkhondo, pamene anzawo ali chikhalire.

Ifetu a mu Lilongwe timadutsa tsiku ndi tsiku pa chipilala chokumbukira asilikali cha ku Area 18, chija chili ndi chiboliboli cha Kamuzu patsogolo. Lamulungu la pafupi ndi 11 November akuluakulu a boma amakaikapo nkhata, asilikali a ku Kamuzu Barracks n'kuguba, ife tikuonera pa kanema. Mwambowo ndi wabwino, sindikuunyoza ayi. Koma a Kopolo sanapondepo pamenepo, ngakhale kuti kuchokera kwawo ndi ulendo wa minibasi imodzi.

Madzulo kunabuka nkhani ya amene asunge mamendulo. Ana awo akuti ndi za bambo awo. Akuchikazi, ife amene, akuti katundu wa malume satuluka m'mbumba. Mawu anayamba kukwera, mpaka agogo aja anatseka kachitini n'kukapanira m'khwapa, nati pamene iwo ali moyo palibe atenge, ndipo November akubwerayu akawaonetsa okha kwa ana a Sitandade 8 pasukulu paja. Mphunzitsi wopuma uja anavomera kukawapezera tsiku kwa ahedi. Ine ndinatsanzika mofulumira, poti minibasi za ku Lilongwe zimayamba kusowa kukamada, ndipo wa kabaza anali atandiimbira kale kuti ali pamtengo wa mango.