Kukonza chikombole cha kauntala ya konkire yokhala ndi sinki yake

Kauntala ya GFRC, konkire yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi ija, imaumbidwa chozondoka. Nkhope imene anthu adzaione ndi imene imagona pansi m'chikombole, ndiye kachipsera kalikonse ka pathabwa kamatuluka pakonkire mmene kalili.

Ndimayamba ndi chifanizo cha malowo. Ndimadula timizere ta plywood yopyapyala n'kutilumikiza ndi guluu wotentha pamwamba pa makabati pomwe kauntala idzakhale, kutsatira khoma ngakhale pamene lakhota. Ndimalembapo "pamwamba", "kukhoma", ndiponso pamene pali paipi yotaya madzi. Pochiika pathabwa la chikombole ndimachitembenuza, zolemba zija ziyang'ane pansi. Mukaiwala zimenezi, sinki yakumanzere imatulukira kumanja, ndipo palibenso chokonza.

Pansi ndimayala melamine, thabwa lokutidwa ndi pulasitiki yosalala lija, ya mamilimita 18 patebulo loyezedwa ndi levulo, chifukwa tebulo likapindika kauntala nayo imapindika. Zipupa ndi melamine yomweyo, yodulidwa molingana ndi kutalika kwa mlomo wakutsogolo, kawirikawiri mamilimita 40 mpaka 50. Ndimayamba ndaboola kenako n'kumanga ma screw chakunja, motalikirana masentimita 15. Mukamanga osaboola thabwa limatupa, chotupacho n'kudinda pakonkire. Podulidwa paliponse ndimamatapo tepi, poti pamenepo pamamwa madzi.

Tsopano sinki, yomwe ndiyo mutu wa ntchito yonse. M'chikombole, sinki ndi chulu chovundikirika pathabwa. Ine ndimachiumba ndi foam yolimba kapena MDF yosanjikiza (thabwa la tizinyenyeswa ta mtengo topanikizidwa), n'kuchisema. Zipupa zake zisaimirire tsonga. Zipendekeke madigiri osachepera 3, ndipo 5 ndiye ndimakonda, kukamwa kwa sinki kukhale kokulirapo kuposa pansi pake. Chifukwa chake n'chakuti konkire ikamauma imafota pang'ono n'kuchifumbata chulucho, moti chikakhala choongoka sichituluka mpaka mutachiphwanya. Ngodya zonse ndimazizungulitsa: ngodya yakuthwa ndi pamene mng'alu umayambira, komanso mwini sinki adzavutika kutsukamo.

Pamwamba pa chulu, pomwe padzakhale pansi pa sinki, mpamene mutu umazungulira. Malo a dzenje lotaya madzi ayenera kukhala pamwamba kwambiri, kwina konse kutsetsereke kuchokera pamenepo, pafupifupi masentimita 2 pa mita. Ndimagoneka rula mbali zonse n'kuyang'ana pansi pake. Kachigwa kalikonse pachulu ndi kamtumbira m'sinki, ndipo madzi adzayamba kudikha kuseri kwake.

Ndikasema ndimapaka epoxy, utomoni wouma gwa, kawiri kapena katatu. Pa foam ya polystyrene musayerekeze kupaka resin kapena filler ya polyester mwachindunji, imaisungunula muli kuona. Epoxy iyambe yatseka. Kenako sandipepa, kuyambira 120 mpaka 400, chala chiziterera popanda pogwira. Chulucho ndimachimanga ndi ma screw ochokera kunsi kwa thabwa, kuti pophwasula ndidzachimasule payekha.

Mabowo ndimasiyiratu ndi tizidutswa ta rabara kapena paipi yokulungidwa tepi. La mpopi nthawi zambiri ndi mamilimita 35, la madzi otaya a sinki yakukhitchini pafupifupi 90, koma ndimayeza chitsulo chenichenicho chili m'manja. Mkombero wake umafuna kamphako kuti ukhale motsikirako pang'ono, apo ayi madzi amatsalira mozungulira.

Molumikizana monse ndimatseka ndi silicone weniweni, wakuda kuti azioneka pa melamine yoyera. Ndimayamba ndapaka wax mbali zonse ziwiri, ndiike silicone, ndikoke kamodzi kokha ndi kachitsulo ka mutu wobulungira. Zotsalira m'mbali sindizikhudza mpaka mawa lake, zikauma zimasendeka ngati chingwe. Chala sichigwira ntchito imeneyi, mzere wake umatuluka wonenepa apa, woonda apo. Mozungulira tsinde la chulu ndimachita mosamala kuposa pena paliponse, poti umenewo ndiwo mlomo wa sinki.

Wax ndimapakanso kawiri pachulu chonse kuti konkire isakakamire, n'kupukuta bwino, chifukwa wochuluka amasiya mawanga. Fumbi ndimalichotsa komaliza.

Konkire ya pankhope ndimaipopera yopanda ulusi, mamilimita 2 kapena 3, kuyambira m'ngodya ndi patsinde pa chulu, popeza mchenga wodumpha umaunjikana mmenemo n'kusiya mabowo. Ndimadikira mpaka chala chikadina pasamamatire koma pakadali chinyezi. Mukafulumira kuyalapo konkire yaulusi, ulusi umaonekera pankhope. Mukachedwa zigawo ziwirizo sizigwirana. Yaulusi, wa mtundu wa AR wosadyeka ndi simenti, pafupifupi 3 peresenti ya kulemera konse, ndimaiyala ndi manja pang'onopang'ono mpaka mamilimita 19. Pazipupa za chulu iyenera kukhala youmirako, ndipo ndimaikwezera kuchokera pansi kuti isatsetsereke.

Ndimafunditsa pulasitiki kwa maola 24. Pophwasula ndimachotsa zipupa, ndimasule ma screw a chulu, kauntalayo tiitembenuze anthu awiri kapena atatu choimika cham'mbali, osati chogoneka. Chulu chikakana sindichitema ndi chitsulo pamlomo wa sinki. Ndimalowetsa mpweya wa kompresa pabowo la madzi otaya, kapena ndigogode pang'ono ndi kamtengo kudzera pabowo lomwelo, mpaka chimveke kuti chamasuka.