Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kusaka mosungira makatiriji a magemu akale

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinabwerako ku Joni, anzanga atanyamula mafiriji ndi mabulangete, ine nditanyamula katoni ya makatiriji a magemu akale. Ena mwakhala mukundifunsa kuti munthu wa imvi kumutu zidole za ana ndimatani nazo. Limenelo ndidzayankha tsiku lina. Lero ndinene za vuto lomwe linandipeza nditangokhazikika ku Zingwangwa, la kusowa poika zinthuzi.

Kwa inu amene munabadwa magemu ali kale mufoni, katiriji ndi kabokosi ka pulasitiki komwe mkati mwake muli kabolodi ka zamagetsi. Kunsi kwake kuli timano tachitsulo tomwe timalowa m'makina a gemu. Timanoto tikada kapena kuchita dzimbiri, pa TV pamangooneka mizeremizere basi. Tonse tili ana tinkauzira ndi pakamwa, fuu fuu, n'kubwezeramo, gemu n'kuyaka. Chomwe chinkathandiza kwenikweni kunali kuzula ndi kulowetsanso kuja, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho ndipo umangoitana dzimbiri. Masiku ano timapukuta ndi kathonje konyika m'mankhwala opukutira zamagetsi otchedwa isopropyl alcohol.

Ndiye kuno kwathu adani a katiriji ndi ochuluka. Mu Okutobala fumbi limalowa ngakhale mukabati yotseka. Mvula ikayamba, kuchokera Disembala mpaka Malichi, chinyontho chimapeputsa mapepala a zithunzi omatidwa pamwamba, ena n'kumera nkhungu. Mphemvu zimakonda guluu wa mapepalawo, zimanyambita mpaka nkhope ya Mario kutsala theka. Chiswe chimalowera kunsi kwa katoni. Dzuwa nalo limafufutsa zithunzi ndi kusandutsa pulasitiki wotuwa kukhala wachikasu. Katoni ija inali pansi pa bedi, ndipo akazi anga tsiku lililonse akasesa ankati, "Inu abambo, katundu wanuyu mumupezere malo, apo ayi ndikoleza nawo mbaula."

Pa nkhani ya mabokosi, ine ulemu ndimapereka kwa a Sega. Makina awo a gemu a Mega Drive, omwe anatuluka ku Japan mu 1988 ndi ku Ulaya mu 1990, magemu ake ankabwera m'mabokosi a pulasitiki wolimba otseka kuti khapa, chithunzi chili kunja mkati mwa chikuto chowonekera, kabuku ka malangizo kali mkati. Sonic yanga ya 1991 idakali m'bokosi lake lenileni, ndipo palibe chomwe ndinachitapo kuti ikhalitse chonchi. A Nintendo, ngakhale magemu awo ndimawakonda kuposa, pamenepa anatilakwira ife otolera. Magemu a makina awo a NES, a Super Nintendo ndi a Nintendo 64 onse ankabwera m'timakatoni topyapyala tomwe mwana ankang'amba tsiku lomwelo n'kutaya. N'chifukwa chake lero gemu yokhala ndi katoni yake imadula kuposa yopanda katoni, nthawi zina katoniyo n'kuposa mtengo wa gemu yeniyeniyo. Nintendo 64 ya 1996 ndiye inaonjeza. Makatiriji ake alibe dzina pamwamba, ndiye ukawandandalika pashelefu amangofanana onse ngati njerwa pa uvuni, kuti upeze yomwe ukufuna uzichita kusolola imodziimodzi.

Ndinayamba kufufuza pa intaneti momwe anzathu a kunja amachitira. Ambiri amagwiritsa ntchito mabokosi otchedwa Universal Game Case, omwe ku America ankapezeka m'masitolo obwereketsa magemu. Bokosi limodzi lomwelo limalowa katiriji ya Super Nintendo, ya Nintendo 64 kapena ya Mega Drive, ndipo munthu umasindikiza wekha chikuto n'kulowetsa kunja kwake. Ya NES ndi yaikulu, imafuna uchite kudula timipanda tam'katimo. Ndi zabwino ndithu, shelefu imaoneka ngati ya m'sitolo. Koma tawerengerani za kuno. Bokosi lopanda kanthu ndi lopepuka koma limadya malo, ndiye ukamaitanitsa umakhala ukulipira ndege kuti ikunyamulire mpweya. Onjezanipo msonkho, onjezaniponso kusowa kwa ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, maloto amenewo ndinawasiya. Ochepa omwe ndili nawo anandinyamulira mlamu wanga pabasi kuchokera ku Joni, atawapanikiza pakati pa zovala, ndipo ndinaikamo za Super Nintendo zokhazokha.

Komatu gawo lalikulu la katoni yanga silinali la magemu odulawo. Anali makatiriji achikasu aja, amene aliyense wokulira m'tauni m'zaka za m'ma 1990 akuwadziwa. Makina ake anali otengera Famicom, yomwe Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, koma ankapangidwa mopanda chilolezo ku Taiwan ndi ku China. Ku South Africa otchuka anali a Golden China, ndipo oyamba kuwaona ine anabwera ndi amalume kuchokera komweko. Kumbukirani kuti TVM, wailesi ya kanema ya dziko lino, inayamba kuulutsa mu 1999, ndiye izi zisanachitike TV ya pakhomo pathu inali ya mavidiyo ndi gemu basi. Katiriji inkalembedwa kuti ili ndi magemu 9999, koma ukayatsa unkapeza Super Mario Bros., Duck Hunt, ya akasinja ija ya Battle City ndi ena ochepa, akungobwerezedwabwerezedwa ndi mayina ena. Tinkadziwa kuti ndi bodza, koma tinkatsikabe ndi mndandandawo mpaka pansi kuti mwina n'kupezako yachilendo.

Makatiriji amenewa ali ndi timano 60 pomwe a NES ali ndi 72, ndipo ndi aafupi, ndiye m'mabokosi a ku America aja amangogubuduka. Sanabwere ndi mosungira mwa mtundu uliwonse, ambiri ankagulitsidwa ali m'kapepala ka pulasitiki. Otolera a kunja sawawerengera kwenikweni popeza makatirijiwa ndi opangidwa mwakuba. Kwa ine ndi omwe ali ndi ubwana wanga, ndipo kuwaona akudyedwa ndi mphemvu kunkandiwawa kuposa za Super Nintendo zomwe ndinachita kugula ndili wamkulu.

Yankho ndinalipeza mumsika wa Limbe, kwa mnyamata wogulitsa mawailesi akufa, marimoti ndi zingwe zamagetsi. Pansi pa tebulo lake panali kabati kakang'ono ka madirowa atatu, kaja kosungira makaseti a nyimbo, komwe nyumba iliyonse yodzilemekeza inkakhala nako pabalaza nthawi yomwe anthu ankakagula makaseti kwa O.G. Issa. M'thumba mwanga munali katiriji yachikasu yomwe ndinkayenda nayo poyesera mabokosi. Ndinatsegula dirowa, n'kuilowetsa m'kampata kamodzi. Inakhala kuti ndendende.

"Bigi, mukuyesa chiyani pamenepo? Imeneyo ndi ya makaseti."

"Ndikudziwa, achimwene. Muli nazo zina?"

"Zina? Zimenezi anthu amayatsira moto, bwana. Mukadabwera chaka chatha."

Atangoona kuti ndayifunitsitsa, mtengo unakwera pomwepo, koma tinamvana. Si zamatsenga ayi. Katiriji ya Famicom ndi pafupifupi masentimita 11 m'litali ndi 7 m'lifupi, mofanana ndi kabokosi ka kaseti ya nyimbo, ndipo ndinadzamva kuti otolera a ku Japan akhala akusungira m'madirowa otere kuyambira kale. Kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka wopemphetsa makabati a makaseti. Kwa azakhali ku Chilomoni ndinapeza kamodzi kali ndi mabatani ndi ulusi, ndinawagulira chitini china n'kusinthana nawo.

Makabati opempha kwa anthu atatha, ndinatenga dirowa imodzi kupita nayo kwa mmisiri wa matabwa ku Ndirande, bambo wachikulire wokhoma mabedi ndi mabokosi a maliro. Anaiyang'ana, anayeza, kenako anandiyang'ana ine.

"Ndiye mukuti muziikamo chiyani, mwana wanga?"

Ndinawaonetsa katiriji. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti mdzukulu wawo anali nayo yotere. Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndinawakonda. Anati ngati vuto ndi tizilombo akhoza kundifunira mkungudza, popeza fungo lake chiswe sichiyandikira. N'zoona, koma mkungudza wa ku Mulanje watsala pang'ono kutheratu ndipo kuudula n'koletsedwa, ndiye ndinati, "Ayi madala, paini yemweyu akwana." Iwo ndi amene anaganiza zoika miyendo yaitali kuti kabatiyo isagunde pansi, ndi kusapaka vanishi mkati kuopa kuti angamatirire mapepala a zithunzi nyengo yotentha. Anakonzanso dirowa imodzi ya mipata yotakata ya Nintendo 64, ndipo ine ndinamata mayina pa thabwa pafupi ndi mpata uliwonse, osati pa katiriji, chifukwa guluu wa tepi amaononga pulasitiki. M'dirowa iliyonse ndimaponyamo timapaketi toyamwa chinyontho ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, tomwe wogulitsa nsapato wina amandisungira.

Za Game Boy, kamakina ka gemu ka m'manja kaja, sizinandivute, zambiri zinabwera ndi timabokosi take towonekera. Zomwe zikundisowetsabe mtendere ndi zachikasu zina zazitali kuposa zinzake, zomwe dirowa imakana kutseka zikalowa. Izo zidakali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu, ndipo madala aja akuti ndipite nazo mwezi ukatha.

Posamutsa makatirijiwa ndinayesa iliyonse, ndipo ndinapeza kuti Zelda yanga ya Super Nintendo yaiwala zonse zomwe mwini wake woyamba anasunga. Kabatire ka CR2032 komwe kamakhala mkatimo kanali katafa. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani momwe ndinapezera wokonza mafoni wolola kutsegula katiriji ya zomangira zomwe sikuludiraiva wamba sagwira.