Kusikelo timayeza mwana, nanga mayi ake?

Teremu ino ife ophunzira uzamba tatumizidwa m'midzi ya ku Namwera, kuyendera amayi amene angotuluka m'chikuta. M'kalasi tinaloweza malangizo a 2022 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse: mayi akabereka aonedwe m'maola 24 oyamba, pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa masiku 7 ndi 14, kenako pakatha masabata 6. Kutaya magazi, BP, bala la opaleshoni, zonsezi timazidziwa. Koma malangizo omwewo amati tifufuzenso za maganizo a mayi, ndipo gawo limeneli ndi limene landigwira mtima.

Covid itafika m'Malawi mu Epulo 2020, amayi ena ankaopa kupita kusikelo. Kuno ku Mangochi vuto linalowanso pakhomo lina. Mabanja ambiri amadalira bambo amene ali ku Joni. Ntchito zitaima kumeneko, ambiri anabwerera pa mabasi kudzera ku Mwanza ali chimanjamanja, ndipo ndalama ya sopo, shuga ndi kabaza wopita kuchipatala inauma. Sukulu zitatsekedwa, atsikana ambiri anatenga mimba akadali ana. Tisanapume kunabwera kolera mu 2022, kwacha n'kugwa ndi 44% mu Novembala 2023. Mliri wa Covid unapita, koma anthu ozungulira mayi wa khanda anatsala otopa.

Mayi wina anatitulutsira buku la sikelo lokutidwa bwino m'jumbo ya shuga. Katemera yense analipo, mwana akukwera. Mlangizi wa zaumoyo amene tinali naye anafunsa motsitsa mawu: "Nanga inu amayi, usiku mukugona?" Mayiyo anakhala chete akupotokola nsonga ya chitenje, kenako anati, "Mwana akagona, ine maso ali gwa. Mtima sukhala pansi." Pakhomopo ankangoti ndi ulesi.

Si ulesi ayi. WHO imati m'mayiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amadwala matenda a maganizo akabereka, makamaka kukhumudwa, ndipo amachizika. Pali mafunso 10 otchedwa EPDS othandiza kuwazindikira, omwe anamasuliridwa kale m'Chichewa. Satenga nthawi, ngakhale ndikudziwa kutalika kwa mzere wa tsiku la sikelo pamene namwino ali yekha.

Mayi uja tinamulembera kalata yokaonana ndi namwino wa zamaganizo, ndipo tinakhala pansi ndi mayi ake omubereka kuwapempha kuti azimulandirako mwana masana agoneko. M'lipoti langa ndalemba kuti alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe mafunsowa m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa iwo ndi amene amafika pakhomo.