Ku Kansas City, pa nyumba ya mayi wa madiresi a Nelly Don

Nyumbayi ili pa 5235 Oak Street, mkati mwa malo a yunivesite ya UMKC ku Kansas City, Missouri. Lero muli National Museum of Toys and Miniatures, ndiye anthu ambiri amene mukumane nawo pakhomo abwera ndi ana kudzaona zidole. Ine chinanditengera kumeneko ndi mayi amene ankakhalamo kale, Nell Donnelly, telala yemwe anayambira kunyumba kwake mpaka kukhala mwini fakitale yayikulu zedi ya madiresi.

Chinyumbacho anamanga mu 1911, chinali cha dokotala wina dzina lake Herbert Tureman, ndipo mpaka pano amachitchabe Tureman mansion. Myuziyamu inatsegulidwa mu 1982 ndi amayi awiri, Mary Harris Francis ndi Barbara Marshall, kenako anawonjezera mbali zina zatsopano, nde ukamayenda umadziwa wekha kuti apa ndalowa kwakale, apa ndatulukira kwatsopano. Zidole zilimo zambirimbiri, pali kanyumba ka zidole ka Coleman kotalika mafiti 9, timipando ting'onoting'ono topangidwa mwaluso moti umachita kuwerama kuti uwone bwino. Ndizokongola ndithu koma ine maganizo anali kwina.

Nell anabadwa mu 1889 ku Parsons, Kansas, dzina lake Ellen Quinlan, mwana wa nambala 12 m'banja la ana 13. Anakwatiwa ndi Paul Donnelly ali ndi zaka 17 nkusamukira ku Kansas City. Nthawi imeneyo madiresi ovala pakhomo pogwira ntchito anali opanda sitayilo, chimkanjo basi, ngati kuti mzimayi akakhala kukhitchini palibe chifukwa choti awoneke bwino. Iye anakana zimenezo. Anayamba kudzisokera yekha timadiresi tokwana bwino pathupi, anzake nkumasilira, ndipo mu 1916 anatenga zitsanzo kupita nazo ku sitolo ya Peck's. Anamuwoda madazeni 18, ndiye kuti madiresi 216, lililonse dola imodzi, pomwe wamba aja ankagulitsidwa motchipa kuposa apo. Anatha onse osachedwa.

Apa ndi pomwe ine ndimamugomera. Sanathamangire kusokera mabwana ndi akazi a anthu olemera, anayang'ana mayi amene akusesa, kuchapa, kuphika, nkunena kuti ameneyunso ndi kasitomala ofunika ulemu. Aliyense amene anakhalapo pa khonde la telala kwathu kudikira diresi la chitenje akudziwa momwe munthu amasinthira nkhope chovala chikamukhala. Iye anatenga chimenecho nkuchipanga bizinesi. Donnelly Garment Company inakhazikitsidwa mu 1919, dzina la pa lebulo Nelly Don, ndipo pofika 1931 inali ndi antchito pafupifupi 1,000, ambiri amayi. Ankawathandiza pa zachipatala, penshoni, ngakhale fizi kwa ofuna kuwonjezera sukulu. Komanso tisabise, ndi bungwe la antchito osoka la ILGWU analimbana nalo kwambiri kuyambira 1937, mpaka m'makhothi zaka zambiri, sankafuna kuti lilowe m'fakitale yake.

Nditatuluka panja ndinaima nthawi ndithu kuyang'ana polowera galimoto, chifukwa pakhomo pamenepa ndi pomwe anabedwa. Madzulo a 16 Disembala 1931 akuchokera kuntchito, zigawenga zinatchinga njira nkumutenga iye ndi dalaivala wake George Blair kupita nawo ku kanyumba kena kufupi ndi Bonner Springs, mbali ya Kansas. Anafuna $75,000, nkuopseza kuti ikapanda kuperekedwa mayiyo amuchititsa khungu, Blair amupha. Tangoganizani, kunyumba anasiya mwana wakhanda wa miyezi yochepa chabe.

Amene anadzuka ndi ukali ndi James A. Reed, loya yemwe anakhalapo seneta wa Missouri, nyumba yake inali kuseri komweko pa Cherry Street. Mzindawu nthawi imeneyo unali m'manja mwa bwana wa ndale Tom Pendergast ndi anthu ake, ndiye Reed anapanikiza Johnny Lazia, mkulu wa zigawenga za mtauni, kuti amupeze apo ayi ayaluka. Lazia anatumiza anyamata ake kusakasaka, patatha maola pafupifupi 34 onse awiri anamasulidwa opanda kulipira ngakhale senti. Chaka chotsatira banja ndi Paul linatha, mu 1933 anakwatiwa ndi Reed uja.

Bizinesi sinaime ayi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankasoka mayunifomu a amayi ogwira ntchito ndi a usilikali, ndipo cha m'ma 1950 kampani yake inkatchulidwa kuti ndi yayikulu kuposa onse osoka madiresi padziko. Anaigulitsa mu 1956, eni atsopano anaiyendetsa mpaka inagwa mu 1978. Nell yemweyo anakhalabe ndi moyo mpaka 1991, anamwalira ali ndi zaka 102.

Mukapita, werenganiko kaye mbiri yake musanalowe, zimathandiza kuti zipinda zakalezo muzione ndi maso ena. Nelson-Atkins Museum of Art ili pafupi, tsiku limodzi mutha kuona zonse ziwiri. Mukakhala ndi galimoto pitaninso ku James A. Reed Memorial Wildlife Area kufupi ndi Lee's Summit, malo oyambirira a nkhalangoyo anapereka ndi Nell yemweyu pokumbukira mwamuna wake.