Thina asayandikire galimoto yanu, ine ndaonera pa boneti yanga

Ndikulemba izi manja akununkhabe parafini, koma Fielder yanga yoyera yabwerera mwakale, kupatula boneti imene mpaka pano ikundiwawitsa mtima.

Zinayambira ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, Lachiwiri lapitalo. Ndinaimika galimoto pafupi ndi anyamata owotcherera amene ankapopera geti penti yofiira ija ya red oxide, ine osalabadira. Mphepo ya kuno mu June mukuidziwa. Pobwera ndinangoti ndi fumbi, ndikupita kwathu ku Katoto. M'mawa ndikupukuta galasi, fumbi lija osachoka. Timadontho tofiira ngati mchenga tinali mbali yonse ya kumanzere, padenga, pa boneti.

Ndinathamangira pa car wash ina m'tauni, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Mnyamata wake anangoti, "Adada musadandaule, izi thina amachotsa pompano." Ananyika kansanza m'kabotolo, nkuyamba kukhula boneti ine ndili chilili, ndikugwedezera mutu ngati ndikudziwa. Zofiira zinachokadi. Pouma ndi pomwe ndinaona chigamba chothima kukula ngati mbale ya nsima. Penti ya galimoto ili ndi kachikopa kowala pamwamba kamene amati clear coat, ndipo thina sasankha kuti iyi ndi penti ya geti, iyi ndi ya galimoto, amasungunula zonse. Kenako munthuyo wopanda manyazi akufuna K5,000 ya ntchito. Ndinamupatsa ya sopo yokha, tinatsala pang'ono kukokana malaya.

Lachinayi lonse linathera kwa wowongola magalimoto wina ku Chibavi. Anandiuza 8 koloko, iye anafika 11. Atangolumikiza makina opolishira, magetsi phethi. Ndinakhala pa tayala lakutha mpaka 4 koloko, kamvula kowaza kaja kakundilowa m'khosi, mapeto ake akuti mbali yonse ipoperedwenso penti yatsopano. Timadontho tomwe tangokhala pamwamba! Ndinaliza galimoto osatsanzika.

Amene anandipulumutsa ndi alamu anga oyendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam. Anabwera ndi clay bar, kanthu kofewa ngati dongo loumbira ana. Mumayamba mwatsuka galimoto bwinobwino, chifukwa kamchenga kamodzi kakatsalira kakanda penti. Muike pamthunzi, chitsulo chisatenthe. Thirani madzi a sopo ambiri pakachigawo kakang'ono, ngati chikhatho kawiri, nkumatsetsereka ndi dongolo uku ndi uku osadinikiza. Poyamba limakhakhala, kenako mumangomva layamba kuterera, ndiye kuti pamenepo patha. Likada mumalipinda kuti mbali yoyera ibwere kunja. Likagwa pansi litayeni, musachite nalo chisoni. Ine ndinadula pakati, ndipo theka linagweradi m'dothi.

Ndaiwala kunena za jumbo. Valani kajumbo kopyapyala kudzanja nkusisita penti, timadontho tomwe maso sakuona mutimva ngati mapira. Ndimo ndinadziwira kuti denga silinathe pomwe ndinkati ndamaliza.

Pomwe penti inagwa yochindikala, m'munsi mwa zitseko, dongo linakanika. Apo tinadonthezapo parafini pakansalu kofewa, kusiya mphindi ziwiri, kupukuta, nkutsuka ndi sopo nthawi yomweyo. Alamu anayamba ayesera mkati mwa chitseko posaoneka. Parafini ameneyu, osati thina, ndabwerezanso dala. Pa magalasi lezala yatsopano inagwira ntchito, galasi lili lonyowa ndi sopo, lezala mwaipendeketsa. Kunja kokha, chifukwa mkati muli tinti ndipo mungaing'ambe. Mapulasitiki akuda a pa galimoto tinachita kutsukira mswachi wakale.

Musachedwenso nazo. Penti ya mafuta imalimba tsiku ndi tsiku, ndipo masiku awiri amene ndinataya kwa anthu aja anandiwonjezera ntchito. Ikanakhala penti ya madzi ya makoma, madzi ofunda ndi sopo zikanatha tsiku lomwelo.

Pomaliza tinapaka polishi ndi wax, poti dongo limachotsanso wax yakale. Tinayamba 7 m'mawa Loweruka, kumaliza dzuwa likulowa, msana uli gwa. Chigamba cha pa boneti polishi wachikanika, akuti pakufunika clear coat watsopano, ndiye ndikudikira malipiro a mwezi uno. Panopa ndikaimika galimoto ku Luwinga ndimayamba ndatsitsa galasi, kumvetsera ngati kompuresa yopopera penti ikulira penapake.