Amalume anga salowa m'tchalitchi

Mnzanga wina wa kukwaya anandiuza kuti anthu osapemphera ndiwo amadzaza dziko ndi umbava. Zinandikhudza, chifukwa ndinaganiza za amalume.

Iwo anali mnyamata mu 1975, pamene boma la Frelimo linalanda sukulu za mishoni kuno ku Mozambique, ndipo kuchokera pamenepo sanapondenso m'tchalitchi. Amagulitsa kachewere pamsika wa Ulongwe. Ndinawaona ndi maso angawa akuthamangira mayi wina wa ku Dedza kukam'bwezera chenji, atasokonezeka ndi ndalama zathu za kuno.

Ine pa Misa sindijomba. Koma amene anatibera pa sikelo ya chimanga chaka chatha amakhala benchi lakutsogolo, ndiye amatsogolera kolona. Ndikamuona mtima umandiwawabe, ndipo mnzanga uja sindinamuyankhe mpaka lero.